Mafunso ndi Mayankho: Fakitale Yotsekedwa Aisungiranji?

Funso: Kodi zinayamba bwanji kuti migodi ndi mafakitale akale azisungidwa ngati chuma cha dziko lonse lapansi?

Yankho: Ntchitoyi inakula ku Britain, ndipo chinaikoleza ndi mkwiyo. Mu 1961 ndi 1962 akuluakulu a njanji anagumula chipata chachikulu chamiyala cha siteshoni ya Euston ku London, ngakhale odandaula anakafika mpaka kwa nduna yaikulu, Harold Macmillan. Apa m'pamene ambiri anazindikira kuti matchalitchi ndi nyumba zachifumu zinali ndi ozitchinjiriza, koma malo amene anthu wamba ankakhetsera thukuta analibe owalankhulira.

Mu 1973 akatswiri a m'maiko osiyanasiyana anakumana ku Ironbridge, ku Britain komweko. Malowo anawasankha dala. Chapafupi, ku Coalbrookdale, Abraham Darby anayamba mu 1709 kusungunula chitsulo ndi malasha owotchedwa kale m'malo mwa makala a mitengo. Mu 1779 mdzukulu wake anamanga mlatho wachitsulo pa mtsinje wa Severn, womwe anthu amawolokabe wapansi mpaka lero. Misonkhano yotereyi ndi imene inabala bungwe la TICCIH, loona zosunga malo akale a mafakitale, mu 1978, ndipo mu 1986 UNESCO inaika Ironbridge pamndandanda wa malo otetezedwa.

Funso: Nanga chimene amasunga kwenikweni n'chiyani, zitsulo zadzimbiri?

Yankho: Zitsulozo n'zofunika ndithu. Ku Völklingen, ku Germany, fakitale yachitsulo inatsekedwa mu 1986, koma ng'anjo zake zisanu ndi imodzi zikadali chilili, ndipo mlendo amakwera masitepe omwe antchito ankakwera. UNESCO inaizindikira mu 1994.

Koma makina paokha sanena yemwe anapsa manja. N'chifukwa chake panabuka mkangano mu 2015, pamene dziko la Japan linkalembetsa malo ake ku UNESCO, kuphatikizapo chilumba cha mgodi wa malasha cha Hashima. Dziko la South Korea linaumirira kuti nkhani ya anthu ake amene anagwiritsidwa ntchito yakalavulagaga kumeneko pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isabisidwe. Linachita bwino kuumirira.

Ku Johannesburg, Workers' Museum ya ku Newtown ili m'komboni yakale ya antchito a khonsolo ochokera kutali. Mabedi asimenti ondondozana amene abambo ankagonapo akadalipo. Mabanja a ku Malawi amene agogo awo anapita ku Joni kudzera ku Wenela amaudziwa bwino moyo wa m'makomboni otere.