Tsoka la ku Fidenae ndi Womanga Wosayesedwa

Munthu akafuna kumanga nyumba, kapena kukonza denga lodontha, kawirikawiri amafunafuna mmisiri wa mtengo wocepa. Mmisiri wotere sasowa. Amafika ndi nyundo yace ndi mau okoma, nalonjeza kutha nchito msanga, ndipo palibe womfunsa kumene anaphunzira nchitoyo, kapena amene adzalipira cipupa cikagwa. Bvuto limeneli silinayambe lero ai. M'mbiri ya Aroma muli nkhani yoonetsa mtengo weniweni wa womanga wosayesedwa, ndipo mtengowo unalipiridwa ndi miyoyo ya anthu zikwi zambiri tsiku limodzi.

Nkhaniyi inacitika m'caka ca 27, Tiberius ali mfumu ya Aroma. Aroma anali kukonda kwambiri kuonerera anthu omenyana ndi malupanga, koma Tiberius sanali kukondwera nao masewerowo, ndipo mu mzinda wa Roma anayamba kusowa. Anthu anakhala ndi njala ya zoonerera. Colosseum, bwalo lalikuru lamiyala limene alendo amakaliona kufikira lero, linali lisanamangidwe, pakuti linatsegulidwa m'caka ca 80. Masiku amenewo mabwalo ambiri anali a mitengo ndi matabwa, okhala ndi mipando yosanjikizana kukwera m'mwamba.

Tsono munthu wina, dzina lace Atilius, wa mtundu wa akapolo omasulidwa, anaona mpata wopezerapo ndarama. Anamanga bwalo la matabwa ku Fidenae, mudzi wa pafupi ndi mtsinje wa Tiber, mtunda wa mamailosi ngati 5 kumpoto kwa Roma. Tacitus, wolemba mbiri ya Aroma, anachula zolakwa ziwiri za nchitoyo. Coyamba, maziko sanafike pa nthaka yolimba. Caciwiri, mitengo yonyamula mipando sinalumikizidwe mwamphamvu. Anafotokozanso kuti Atilius sanali munthu wa cuma cocuruka, ndiponso sanali kufuna ulemu kwa anthu a mudziwo monga anali kucitira akuru ena pomanga zinthu zotere. Iye anali kufuna phindu lokha. Womanga wofuna phindu lokha amacepetsa pamene maso sapenya, ndiko kunena pansi pa nthaka ndi m'mfundo za mitengo.

Tsoka silinunkha. Pa tsiku la masewero anthu anaturuka mu Roma unyinji, amuna, akazi, ana ndi okalamba, popeza Fidenae panali pafupi. Bwalo litadzaza, linagwedezeka nkugwa, mbali zina m'kati, zina kunja. Linapsinja amene anakhala pa mipando, ndi enanso amene anangoima pafupi. Akufa pomwepo ndiwo anapulumuka zowawa. Ena anatsala amoyo pansi pa matabwa, othyoka miyendo ndi manja, akuona akazi ao ndi ana ao usana, ndi kumva kulira kwao usiku, osatha kuwathandiza. Mbiri itafika ku Roma, mzinda wonse unagwidwa ndi mantha, pakuti yense amene mbale wace sanali pa khomo tsikulo anayesa kuti wafa. Pocotsa matabwa, anthu anakangana pa mitembo, cifukwa nkhope zambiri zinali zosazindikirika.

Tacitus anawerenga anthu 50,000 akufa ndi opweteka pamodzi. Suetonius, wolemba wina, ananena kuti akufa anaposa 20,000. Akuru a mu Roma anatsegula nyumba zao kulandira opweteka, napereka asing'anga ndi nsaru zomangira mabala. Tiberius mwini, amene anali atapita kukakhala pa cisumbu ca Capri, anaoloka kubwera kumtunda cifukwa ca tsokali.

Pambuyo pace bungwe la akuru olamulira, lochedwa Senate, linaweruza mlanduwo. Atilius anampitikitsa m'dziko. Ndipo anaika malamulo awiri. Loyamba linati munthu asacititse masewero otere ngati cuma cace sicifika masesitesi 400,000. Kuti ndarama zimenezi zimveke kukula kwace, msilikali wamba wa Aroma anali kulandira masesitesi 900 pa caka cathunthu. Lamulo laciwiri linati bwalo lisamangidwe pokhapokha nthaka yace itayesedwa ndi kupezeka yolimba.

Malamulo awiriwa ayenera kuwalingalira bwino, cifukwa ndiwo mtima wa ciphaso ciri conse cimene Boma limapatsa womanga. Lamulo la nthaka likuti nchito iyesedwe ndi munthu wina wosati mwini phindu. Lamulo la cuma likuti wogwira nchito yoika miyoyo ya anthu pa ngozi akhale munthu wodziwika, wokhala ndi kanthu kotaya zinthu zikalakwika. Atilius analibe zonse ziwiri. Kumpitikitsa kunali cilango ndithu, koma sikunabwezere kanthu kwa amasiye a ku Fidenae.

Nzeru imeneyi inadziwika kale Aroma asanaiphunzire ndi misozi. Hammurabi, mfumu ya Babylon, amene anafa ngati m'caka ca 1750 Kristu asanabadwe, analembetsa malamulo ace pa mwala wakuda umene unapezeka ku Susa m'caka ca 1901, ndipo tsopano uli m'nyumba ya Louvre ku Paris. Pa mwalapo palinso malamulo a omanga nyumba. Nyumba ikagwa ndi kupha mwini wace, womangayo anali kuphedwa. Ikaononga katundu, anali kubwezera katunduyo ndi kumanganso nyumbayo ndi cuma cace. Cipupa cikayamba kupendama, anali kucilimbitsa osalandira malipiro ena. Cilango ca imfa ncoopsa, ndipo maiko a masiku ano sacitsata pa milandu yotere, koma cifukwa ca lamulolo cikali coona: mwini nyumba sangathe kuona m'kati mwa maziko, cotero colakwa ciyenera kugwera amene anawakumba.

Maiko ambiri lero amalembetsa omanga m'buku la Boma. M'Zambia, lamulo la caka ca 2003 linakhazikitsa National Council for Construction, bungwe lolembetsa makontrakitala. Ciphaso sicisandutsa munthu waulesi kukhala wakhama, koma cimasonyeza kuti wina anamuyesa, kuti dzina lace ndi malo ace zidziwika, ndiponso kuti kuli kokadandaula. Wolemba nchito mmisiri wopanda zimenezi amasenza yekha ngozi yonse. Simenti ikacepa m'matope a njerwa, mitanda ya denga ikakhala yowonda, mphepo ya dzinja ikanyamula malata, mmisiriyo amakhala atapita kale ndi ndarama, ndipo mwini nyumba amalipira kawiri, mwina ndi moyo wa mwana wogona pafupi ndi cipupa.

Anthu a ku Fidenae analowa m'bwalo lija osadziwa za maziko ace, ndipo analibe njira yofunsira. Mwini nyumba ali nayo njirayo. Angathe kuona ciphaso, kuyendera nyumba zimene mmisiri anamanga kale, kulemba cipangano pa pepala, ndi kusunga gawo la malipiro kufikira nchito itatha ndi kuyesedwa. Akuru akale anati safunsa anadya phula.