CIMBUYA: MWAMBO WA KUKOKOMEZA MOSEKETSA

Pa maliro a Mngoni m'Nabvutika, ku Chipata, Mbemba angathe kuimirira pakati pa olira ndi kunena kuti malemuyo anatsamwa ndi mcira wa mbewa, ndi kuti mbewa zonse za kum'mawa zacezera kubvina cifukwa mdani wao wapita. Mlendo adzayesa cipongwe, koma eni maliro sakwiya. Mwambo umenewu ndiwo cimbuya.

Tsinde la mauwa ndi mbuya, dzina limene anthu oseleulana amaitanizana nalo. M'Cinsenga ambuya ndiwo agogo, ndipo pa mudzi gogo ndi mdzukulu amaseleulana popanda mlandu. Ufulu womwewo unafika pakati pa mitundu iwiri.

Ciyambi cace ndi nkhondo. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi mu November 1835. Iye atamwalira ku dziko la Afipa, anthu ace anagawikana, ndipo mwana wace Mpezeni analimbana ndi Abemba zaka zambiri osawagonjetsa. Pambuyo pace anatsikira ku dziko la Ansenga ndi Acewa, kumene Angerezi anathyola mphamvu yace mu 1898. Adzukulu a ankhondo aja anakakomana ku migodi ya mkuwa, kutali ndi kwao. Kumeneko munthu akafa panasowa abale omuika, tsono adani akale anayamba kuikirana maliro. J. Clyde Mitchell anafotokoza za kuseleulana kwa mitundu ku migodi m'buku lace, The Kalela Dance, la 1956.

Cida ca cimbuya ndico kukokomeza, ndiko kukuza kanthu kakang'ono kufikira aliyense aona kuti sikutheka. Mbemba amati Mngoni anatha mbewa zonse za m'dziko. Mngoni amayankha kuti anyani akamva Cibemba amathawira ku Congo. Mauwa akacepa angapweteke mtima, koma akakula mopitirira amangoseketsa.

Apa mphunzitsi ayenera kucenjera. Wabodza amafuna kuti anthu akhulupirire. Wokokomeza amafuna kuti aseke. Mwana wolemba m'cimangirizo kuti dzungu la amai ace linakokedwa ndi ng'ombe zinai sayenera cikoti. Koma aphunzitsidwe malire ace: mbuya amanyozedwa iye ali pomwepo, ndipo ali ndi ufulu wobwezera. Kuseka mwana wamasiye kapena wolumala amene sangathe kuyankha si cimbuya ai. Ndi nkhanza, ndipo mphunzitsi aziletse msanga.