Sensa ya pa ekizozi ndi amakaniko a ku Kasungu

Umakaniko wa ku Kasungu unakulira m'fodya. M'zaka za m'ma 1970, pamene General Farming ndi Press Farming, makampani a Kamuzu Banda, ankatsegula maesiteti m'bomali, komanso Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority inkaphunzitsa alimi kuwotcha fodya m'mabalani, pankafunika anthu oonetsetsa kuti thirakitala, lole ndi Land Rover ya bwana sizikugona. Galimoto ya petulo ya nthawiyo inali ya kabuleta, ndipo makaniko ankaiyeza ndi khutu, mphuno ndi maso. Ankamasula pulagi n'kuyang'ana kumutu kwake: ikada ndi mwaye ndiye kuti mafuta achuluka, ikayera mbee ndiye kuti wachuluka ndi mpweya. Akatero ankapotoza kasikulu ka pa kabuleta mpaka injini italira bwino. Lero ambiri amati luso limenelo linapita ndi ma Peugeot 404, poti galimoto zamakono zimanena zokha matenda ake pa kompyuta. Mbiri ya kachipangizo kamodzi, sensa ya okosijeni imene imamangidwa pa paipi ya ekizozi, ikutsutsa maganizo amenewa.

Sensayi anaipanga ndi a kampani ya Bosch ya ku Germany, ndipo inayamba kuikidwa m'galimoto za Volvo mu 1976 pofuna kukwaniritsa malamulo okhwima a utsi a ku California. Ntchito yake ndi ija ankagwira makaniko poyang'ana pulagi, kungoti iyo imaigwira mosalekeza injini ikulira. Petulo amapsa bwino mpweya ukamuposa kulemera ka 14.7. Nsonga ya sensa ikatentha kupitirira madigiri 300, imayerekeza okosijeni wotsala mu utsi ndi wa kunja, n'kutumiza timagetsi ku kompyuta ya injini: pafupifupi mavoti 0.1 mafuta akachepa, 0.9 akachuluka. Kompyuta imawonjezera kapena kuchepetsa mafuta potsatira uthengawo. Nanga n'chifukwa chiyani amakaniko a kuno anachedwa kuidziwa? Umphawi ulipo, koma chifukwa china chachikulu chinali m'petulo mwenimwenimo. Kuyambira m'ma 1920 makampani ankathira mtovu m'petulo kuti injini isagogode, ndipo mtovu umamata pa nsonga ya sensa n'kuipha, n'kuwononganso catalytic converter, bokosi losefa utsi lija. Maiko a kuno kumwera kwa chipululu cha Sahara anagwirizana ku Dakar mu 2001 kuti asiye petulo wa mtovu, ndipo anatsiriza kutero pofika kumayambiriro kwa 2006. Kunali kutapita zaka 30 chiyambire Volvo. Chodabwitsa n'chakuti Malawi anali patsogolo pa china: kuyambira 1982 fakitale ya ku Dwangwa, kum'mawa kwa Kasungu, yakhala ikupanga ethanol wosakaniza ndi petulo. Mafuta osakaniza chotero amafuna mpweya wocheperako, ndipo kabuleta sadziwa zimenezo mpaka munthu ataikhudza, pamene injini yokhala ndi sensa yamoyo imadzikonza yokha.

Boma litalola alimi ang'onoang'ono kulima fodya wa bale m'ma 1990, ndalama za ku okushoni zinayamba kufika m'manja mwa anthu ambiri, ndipo patapita nthawi msika wa Chinkhoma unabweretsa okushoni pakhomo. Mlimi amene kale ankagula njinga ndi wailesi anayamba kuganiza za galimoto. Zimene zinabwera ndi zogwiritsidwa kale ntchito ku Japan, ma Corolla, Vitz, Probox ndi Sienta, zambiri zotsikira pa doko la Dar es Salaam, kulowera pa Songwe n'kutsika ndi msewu wa M1. Zimafika zitayenda kale zaka zingapo, sensa itatopa, buku lake lili m'Chijapani. Makaniko amene anaphunzira pogwirira bwana wake sipanala anakumana ndi kawaya kolowa mu ekizozi popanda womufotokozera, ndipo m'magalaja munabadwa zizolowezi ziwiri.

Choyamba ndi kuzula. Getsi la check engine likayaka, ena amachotsa waya wa sensa, amagumula za m'kati mwa catalytic converter, mwinanso kumata tepi pa getsilo. Oikira kumbuyo njirayi sanena zopusa: galimoto imayendadi, sipeya yeniyeni ndi yodula ndipo nthawi zina mpaka ukaifune ku Lilongwe, komanso utsi wa ku California sungamudetse nkhawa munthu wonyamula matumba a feteleza kupita ku Santhe kapena ku Chamama. Koma kompyuta ikasowa uthenga wa sensa siingokhala. Imabwerera ku muyezo wongoganizira, ndipo kawirikawiri imathira mafuta ochuluka poopa kuwotcha injini. Galimoto imayamba kumwa mafuta, mapulagi amada, petulo wosapsa amatsikira m'oyilo n'kumuchepetsa mphamvu. Amene anagonapo pa mzere wa mafuta mu 2011 kapena mu 2022 akudziwa mtengo wa lita imodzi. Ndalama imene mwini galimoto akuti wapulumutsa amaipereka ndithu, pang'onopang'ono, pa malo omwetsera mafuta.

Chizolowezi chachiwiri chikuoneka chamakono, n'chifukwa chake chimapusitsa anthu ambiri. Mnyamata amalumikiza kamakina pansi pa chiwongolero, pamatuluka nambala ngati P0135 kapena P0171, basi chigamulo chaperekedwa: gulani sensa. Wina anganene kuti makina sanama, ndipo n'zoona. Koma nambalayo imangonena dera limene kompyuta yaona zachilendo. P0135 ikunena za kawaya kotenthetsa sensa, ndipo vuto likhoza kukhala fyuzi kapena waya amene chitsa chinadula m'msewu wa kumunda. P0171 ikuti injini ikulandira mafuta ochepa, zimene zingachitike chifukwa cha paipi ya mpweya yong'ambika, fyuluta ya mafuta yotsekeka, kapena ekizozi yobooka kutsogolo kwa sensa. Wowotcha fodya akaona kuti choyezera kutentha cha m'balani chakwera, sathamangira kukagula china. Amayamba wayang'ana moto ndi mapaipi. Makaniko wodziwa amatenthetsa injini n'kuyang'ana manambala: sensa ya mtundu wakale ikakhala yamoyo imakwera n'kutsika pakati pa 0.1 ndi 0.9 mosapumira. Akazula kapaipi kuti mpweya ulowe, nambala iyenera kugwa. Akapondereza mafuta mwadzidzidzi, iyenera kudumpha. Ikangoima pamodzi kapena kuyankha mwaulesi, mawaya ali bwino, ndiye kuti yafadi. (Ma Toyota ambiri a pambuyo pake ali ndi sensa ya mtundu wina kutsogolo imene sivina chotero, ndipo woiyeza ndi muyezo wakale amataya chinthu chabwinobwino.)

Pochotsa sensa yakufa m'pamene luso la kabuleta limabwerera lonse. Imamasulidwa ekizozi ikadali yofunda, ndi soketi ya 22 yokhala ndi mpata wa waya, ndipo yatsopano imapakidwa mankhwala oletsa kumatirira pa mazinga okha, osati kunsonga. Koma yakaleyo isatayidwe isanawerengedwe monga ankawerengera pulagi. Mwaye wakuda ukutanthauza mafuta ochuluka. Zoyera zomatirira zikuloza ku madzi a mu rediyeta olowa mu injini, kapena silikoni amene wina anamatira gasiketi. Zokhuthala zofiirira zikunena kuti injini ikudya oyilo. Ndipo ngati galimoto imamwa petulo wa m'zigubu za mavenda, amene sudziwa chimene asakanizamo, sensa yatsopano nayo sikhalitsa. Amene saona zimenezi adzagulitsa sensa yachiwiri kwa munthu yemweyo fodya asanalowe pa msika.

Bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, likadachita bwino kufikira amakaniko a pansi pa mtengo ndi maphunziro afupiafupi a zamagetsi a galimoto, poti galimoto zambiri za m'bomali zimakonzedwa ndi iwowo. Inu eni galimoto, makaniko akakuuzani kuti sensa yafa, m'pempheni akuonetseni manambala injini ikulira, ndipo akaichotsa akuuzeni chimene chaipha musanatulutse ndalama.