Mbiri ya Njira Zothetsera Ma Equation a Aljebra

Njira imene ana a kusekondale amayambira pothetsa equation ya x², yoiphwanya m'zigawo ziwiri zochulukitsana, ndi yadzulodzulo poyerekeza ndi mafunso amene imayankha. Mapale adongo a ku Babulo a m'ma 1800 BC ali ndi mafunso otere: wophunzira ankauzidwa kukula kwa malo ndi kusiyana kwa mulitali ndi mulifupi, kuti apeze mbali zonse ziwiri. Alembi ankawathetsa molondola, popanda chizindikiro chilichonse cha aljebra.

Cha m'ma 820, al-Khwarizmi wa ku Baghdad anasanja lusoli m'buku lothandiza pa malonda, poyeza minda ndi pogawa chuma chamasiye. Zonse analemba m'mawu. Chitsanzo chake chotchuka lero chimalembedwa x² + 10x = 39, koma iye ankachiona ngati chithunzi: sikweya ya mbali x, yolumikizidwa ndi zidutswa ziwiri za 5 m'lifupi, n'kutsala ngodya imodzi yopanda kanthu. Ngodyayo ndi 5 kuchulukitsa ndi 5, kutanthauza 25. Ikadzazidwa, malo onse amakhala 64, sikweya yaikulu ya mbali 8, ndipo pochotsa 5 pamatsala 3. Umboniwu ndi wokongola chifukwa diso lokha limauvomereza.

Komabe chithunzi chili ndi malire. Funso lomweli lili ndi yankho lina, −13, limene al-Khwarizmi sanaliwerengere, poti palibe munda wa mbali yochepera ziro. Brahmagupta wa ku India anali atalemba kale malamulo a manambala otere mu 628, koma anthu anachedwa kuwakhulupirira. N'chifukwa chake al-Khwarizmi anagawa ma equation ake m'mitundu 6, pamene lero lamulo limodzi limakwanira.

Ma equation a x³ anagonjetsedwa ku Italy, kumene akatswiri ankabisirana njira chifukwa mipikisano ya masamu inkapatsa munthu ntchito ndi dzina. Scipione del Ferro wa ku Bologna anamwalira mu 1526 asanasindikize njira yake. Tartaglia anaipezanso payekha mu 1535, ndipo Cardano, amene analumbira kwa Tartaglia kuti asunga chinsinsicho, anaitulutsa m'buku la Ars Magna mu 1545, pamodzi ndi njira ya Ferrari ya x⁴.

Kuphwanya equation m'zigawo kunakhwima pambuyo pa zonsezi. Thomas Harriot wa ku England, amene buku lake linatuluka mu 1631 iye atamwalira kale, anaonetsa mmene equation imamangidwira pochulukitsa zigawo zing'onozing'ono. Descartes, mu 1637, anafotokoza kuti ngati a ndi yankho, x − a amagawa equation yonse popanda chotsala. Maziko ake ndi osavuta: zonse zikasamutsidwira mbali imodzi, mbali inayo n'kukhala ziro, chimodzi mwa zigawo zochulukitsanazo chiyenera kukhala ziro. Motero funso la ku Baghdad limasanduka (x − 3)(x + 13) = 0, ndipo mayankho onse awiri amaonekera poyera.

Chiyembekezo choti mlingo uliwonse wa equation udzakhala ndi lamulo lake chinatha mu 1824, pamene Niels Henrik Abel wa ku Norway anatsimikiza kuti palibe lamulo limodzi la aljebra lothetsa ma equation onse a x⁵.