Maliya: dzina lomwe linayenda ulendo wautali

Anzanga, ndani mwa inu alibe agogo, azakhali kapena mnzake wa kusukulu dzina lake Maliya? Komatu ena mukangofika m'tauni mumvekere, "Ine ndine Mary," ngati kuti Maliya ndi lachimidzi. Tadikirani kaye, mumve kumene dzinali linachokera.

Gwero lake ndi Chiheberi. Mukumukumbukira Miriamu, mlongo wake wa Mose ndi Aroni? Dzina lake lija ndi lomwe linadzakhala Maria m'Chigiriki, chiyankhulo chomwe analembera Chipangano Chatsopano. Pa tanthauzo akatswiri amasiyana: ena amati likuchokera ku liwu la Chiheberi lotanthauza "kuwawa", ena akuti ndi liwu la ku Iguputo lotanthauza "wokondedwa".

Kuno kwathu linalowa m'njira ziwiri. Chisilamu chitafika pakati pa Ayao m'zaka za m'ma 1800 kudzera mwa amalonda ochokera kugombe, chinabwera ndi Mariamu. Pajatu sura 19 ya Korani imatchedwa ndi dzina lomweli. Kenako ansembe a Montfort, omwe chipani chawo dzina lake lenileni ndi Company of Mary, anafika ku Nzama m'boma la Ntcheu mu 1901, ndipo a White Fathers anatsegula Mua mu 1902. Paubatizo, atsikana ambirimbiri anayamba kulandira dzina la amayi a Yesu.

Nanga bwanji ena amalemba Mariya, ena Maliya? M'Chichewa "l" ndi "r" sizisintha tanthauzo la liwu. Lamulo la kalembedwe limati "r" azibwera pambuyo pa "i" kapena "e", monga mu "kulira", pomwe "l" azikhala pena ponse, monga mu "mbale". Ndiye wonena kuti Maliya sakuphotchola ayi, akutsata lilime lake. Potchula, kokani pang'ono pakati: Ma-LII-ya.

Dzinali linafika ndi kudambwe komwe. Amishoni atayamba kulimbana ndi Nyau, pabwalo panatulukira gule wotchedwa Maliya, wovala ngati mzimayi, ndipo mpaka lero akuvinidwa. Makolo athu analitenga dzina lachilendo n'kulisandutsa lawolawo.

Tsono iwe Maliya wa m'kalabu yathu, wina akakuseka, umuuze kuti dzina lako lili m'tchalitchi, mumzikiti ndi pabwalo la gule pomwe. Ndipo nonsenu, mukapita kwanu kafunseni akuluakulu amene anakutchani dzina komanso chifukwa chake. Tidzamve mayankho anu pamsonkhano ukubwerawu.