Mfuti pagulu: zimene mbiri ya America ikuphunzitsa

M'chaka cha 1881, akuluakulu a tauni ya migodi ya Tombstone ku Arizona anakhazikitsa lamulo loti aliyense wolowa m'taunimo ayambe wasungitsa mfuti yake. Kuwomberana kotchuka kwa ku O.K. Corral pa 26 Okutobala chaka chomwecho kunabuka pamene apolisi ankafuna kulanda zida anthu amene ananyozera lamulolo. Ufulu wokhala ndi mfuti unali m'malamulo aakulu a dzikolo kuyambira 1791, komabe anthu a nthawi imeneyo ankadziwa kuti kusunga mfuti kunyumba n'kosiyana ndi kuyenda nayo pakati pa khamu. Nzeru yomweyi inaonekanso mu 1967 ku California, ngakhale kuti inadza ndi tsankho. Achinyamata akuda a gulu la Black Panther atayamba kulondera apolisi mumzinda wa Oakland mfuti zili m'manja, bwanamkubwa Ronald Reagan anasaina lamulo la Mulford loletsa kuyenda poyera ndi mfuti yoikamo zipolopolo.

Mphepo inatembenuka pambuyo pake. Mu 1987 boma la Florida linafewetsa njira yopezera chilolezo choyenda ndi mfuti yobisa, ndipo maboma ena ambiri anatsatira. Mu Disembala 2012, ana 20 ndi akuluakulu 6 ataphedwa pasukulu ya Sandy Hook, mkulu wa bungwe lomenyera ufulu wokhala ndi mfuti la NRA, Wayne LaPierre, analimbikira kuti chigawenga cha mfuti chingaimitsidwe kokha ndi munthu wabwino wokhalanso ndi mfuti. Mfundoyi ndi yokoma kumva, koma imaiwala wapolisi amene amafika pamalopo mfuu ili ponseponse, osadziwa woyambitsa ndani, wopulumutsa ndani. Mu Novembala 2018 ku Robbins, pafupi ndi Chicago, mlonda wachikuda Jemel Roberson anagwetsa munthu amene ankamuganizira kuti wawombera anthu m'bala, n'kumupanikizira pansi. Wapolisi atafika anawombera mlondayo n'kumupha. Mu Juni 2021 ku Arvada, Colorado, Johnny Hurley anapha chigawenga chimene chinali chitangopha wapolisi, koma wapolisi wina atamuona atanyamula mfuti ya chigawengacho, anamuwombera. Pa milandu iwiri yonseyi palibe wapolisi amene anazengedwa.

Ena anganene kuti munthu wamba wa mfuti anapulumutsapo miyoyo, ndipo sakunama. Mu Julayi 2022, mnyamata wa zaka 22 anapha munthu amene ankawombera anthu pamalo ogulitsira malonda ku Greenwood, Indiana, ndipo ambiri ali moyo lero chifukwa cha iye. Kulimba mtima kotere n'koyenera ulemu. Koma lamulo la dziko silimangidwa pa mwayi wa tsiku limodzi. Hurley nayenso anapulumutsa anthu, malipiro ake n'kukhala manda. Enanso amati vuto ndi apolisi osaphunzitsidwa bwino komanso atsankho. Izi n'zoona ndithu, ndipo imfa ya Roberson imadzutsa funso limeneli. Koma Hurley anali mzungu, kusonyeza kuti ngakhale tsankho litatha, mantha a wapolisi woganiza kuti aliyense ali ndi chida m'thumba sangathe. Kuyambira 2015 mpaka 2024, nyuzipepala ya Washington Post inkapeza kuti apolisi a ku America ankapha ndi mfuti anthu pafupifupi 1,000 chaka chilichonse.

Madzi akatayika sawoleka, chipolopolo chikatuluka sichibwereranso. Wapolisi wolakwa aziyankha mlandu, koma zimenezo sizidzutsa wakufa. Chofunika n'kuchepetsa mfuti zoyenda m'misika, m'mabala ndi m'misewu, kuti wachitetezo asamaweruze moyo wa munthu m'kuphethira kwa diso. Akuluakulu a ku Tombstone anazindikira zimenezi mu 1881, ndipo sanalakwitse.