Akazi a Aphunzitsi a Jeanes ku Domasi

Pa chikondwerero chino cha Mvano nkoyenera kuti titembenuke ndi kuyang'ana amayi ena amene anaponda njira za m'chigwa cha Domasi ambiri a ife tisanabadwe. Sanali kuvala bulauzi yoyera ndi mpango woyera monga ife, koma ntchito imene anaphunzira kuno, yoloŵa m'nyumba za anthu osauka a m'midzi ndi kuwathandiza, ndi yomwe ija timaigwira ife tikamayendera odwala ndi amasiye. Tikunena za akazi a aphunzitsi a Jeanes.

Chigwa chathu chino, chimene chili pakati pa phiri la Zomba ndi la Malosa, chinalandira Mishoni ya Church of Scotland m'chaka cha 1884, pamene Mbusa Alexander Hetherwick anadzayamba ntchito pakati pa Ayao a kwa Malemia. Koma dzina loti Jeanes silinachokere ku Scotland ayi. Linachokera ku America, ndipo nkhani yake ndi ya amayi aŵiri.

Woyamba anali Mayi Anna T. Jeanes a mumzinda wa Philadelphia, a mpingo wa Quaker, amene m'chaka cha 1907 anapereka ndalama zokwana madola 1,000,000 kuti zithandize masukulu a m'midzi a ana a anthu akuda kummwera kwa dzikolo. Anamwalira chaka chomwecho osaona zipatso zake. Wachiŵiri anali Mayi Virginia Randolph, munthu wakuda, mwana wa makolo amene anakhalapo akapolo. Iwoŵa anali kuphunzitsa pa kasukulu kosauka m'dera la Henrico ku Virginia. Sanakhutire ndi kuima pa bolodi pokha. Anali kuyenda khomo ndi khomo, kucheza ndi makolo, kuphunzitsa ana kuphika, kusoka ndi kulima, ndiponso kubzala mitengo pabwalo la sukulu. Makolo ena anawada nazo zimenezi, nati ana awo anapita kusukulu kukaphunzira mabuku osati ntchito zamanja. Madandaulo ameneŵa muwasunge, pakuti tikumana nawonso kuno kwathu. M'chaka cha 1908 mayiŵa ndiwo anakhala mphunzitsi woyamba wa Jeanes, woyendera masukulu ena ndi kuonetsa anzawo njira yomweyo.

Nanga zinafika bwanji ku Domasi? M'chaka cha 1924 nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes zinayendera maiko a kuno kudzaona za maphunziro, ndipo pakati pawo panali Dr. James Aggrey a ku Gold Coast, dziko limene lero likutchedwa Ghana. Nthumwizi zinalimbikitsa kuti sukulu ya kumudzi izitukula mudzi wonse, osati ana okha. Sukulu yoyamba ya Jeanes mu Africa inatsegulidwa ku Kabete m'dziko la Kenya mu 1925. Boma la Nyasaland linakhazikitsa Dipatimenti ya Maphunziro mu 1926, ndipo pofika 1929, ndi chithandizo cha ndalama chochokera ku bungwe la Carnegie, sukulu ya Jeanes inali itayamba ntchito ku Domasi. Mkulu wake anali Mbusa E. D. Bowman a Mishoni ya Blantyre.

Chimene chinasiyanitsa sukuluyi ndi zina zonse nchakuti mwamuna sanali kubwera yekha. Mamishoni osiyanasiyana anali kusankha aphunzitsi awo odalirika, ndipo mphunzitsi aliyense anali kudza ndi mkazi wake ndi ana, nakhala zaka ziŵiri m'mudzi wachitsanzo. Bambo akamaphunzira kayendetsedwe ka masukulu, ulimi ndi zomangamanga, mayi naye anali m'kalasi lake: kasamalidwe ka makanda, kuthandiza amayi apakati, ukhondo wa pakhomo, kaphikidwe ndi kusoka. Akuluakulu aja anazindikira chinthu chimene mayi aliyense wa Mvano amachidziŵa, chakuti mwamuna, kaya akhale wophunzira chotani, sangaloŵe m'chikuta kapena kukhala pamtondo ndi kulangiza akazi a eni. Pamenepo pamafunika mkazi mnzawo. Kuyambira mu 1934 mafumu nawonso anayamba kubwera ku maphunziro a miyezi yoŵerengeka, ndipo iwonso anali kudza ndi akazi awo.

Tiyeni tiganize pang'ono za mayi ameneyu atabwerera kwawo. Ku Domasi zinthu zinali zolongosoka: nyumba ya mazenera, chimbudzi, dzenje la zinyalala, thandala la mbale, ndi aphunzitsi oyang'anira. Kumudzi anapeza azamba ndi anankungwi, anthu aakulu kuposa iye, amene anabadwitsa mudzi wonse iye asanaone dzuŵa. Kodi mwana wa dzulodzuloli angauze bwanji agogo kuti asambe m'manja asanagwire mchombo wa khanda? Kaŵirikaŵiri anali mtengwa kapena mlendo, wokhala kumene mwamuna wake watumizidwa. Analibe galimoto, analibe mankhwala okwanira. Chida chake chachikulu chinali khomo lake lomwe. Anzake akaona kuti ana ake sakutsekula m'mimba kaŵirikaŵiri, kuti malaya ong'ambika amawasoka bwino, ankabwera okha kudzafunsa. Akakhala wodzikweza, wonyoza nsima ya anzake, maphunziro onse a zaka ziŵiri aja ankathera pakhonde pake pomwepo. Ife amene tinayesapo kulangiza apongozi athu za ukhondo tikudziŵa kulemera kwa mtolo umenewu.

Sitibisa mbali ina ya nkhaniyi. Monga makolo a ku Henrico aja, Amalaŵi ambiri ophunzira anali kufunsa chifukwa chimene Boma la atsamunda linafulumira kuphunzitsa anthu kukumba zimbudzi koma linachedwa kuwapatsa maphunziro apamwamba. Funsoli linali loona. Sukulu ya sekondale yoyamba m'dziko muno, ya Blantyre, inatsegulidwa mu 1940, ndipo ya Zomba Catholic mu 1942, ndipo zonsezo zinali za anyamata. Pakati pa akazi aja amene anaphunzira kusoka ku Domasi panali ena amene nzeru zawo zikanawafikitsa pa udokotala, khomo likanatseguka. Ife tikuona kuti mlandu umenewu ndi wa amene anatseka khomolo, osati wa amayi amene anagwiritsa ntchito bwino kochepa kamene anapatsidwa.

Nkhondo yachiŵiri itatha, ntchito ya pamalopo inatembenukira kwambiri ku kuphunzitsa aphunzitsi wamba. M'chaka cha njala yaikulu ija, 1949, Boma linayambitsanso ntchito yotukula midzi ya m'dera lonse la Domasi, yotsogozedwa ndi Bambo T. D. Thomson. Pambuyo pake Domasi analandira Malawi Institute of Education, imene inayamba ntchito mu 1982, ndi Domasi College of Education mu 1993.

Mabuku a mbiri anasunga maina a Bowman, Thomson ndi mafumu, koma maina a amayi aja sapezeka kaŵirikaŵiri m'menemo. Amangotchulidwa kuti "akazi awo". Komabe ana ndi adzukulu awo alipo, ena mwina tikukhala nawo pa benchi limodzi Lamulungu. Tikupempha nthambi iliyonse ya Mvano, kuno ku Domasi ndi kwina konse, kuti ifunse okalamba ake mwezi uno. Mukapeza mayi amene anadzera ku Jeanes, lembani dzina lake, mudzi wake ndi zimene anthu akukumbuka za iye, ndipo mupereke kwa mlembi wa nthambi yanu.